Zidutswa za maroketi zikugwa, nde bilu yake akulipira ndani?

Pa 4 Novembala 2022 m'mawa, dziko la Spain linatseka mbali ina ya mlengalenga mwake kwa mphindi pafupifupi 40, ndege za ku Barcelona ndi Ibiza zinangoima pansi, France nayo n'kutsekako chigawo cha kummwera. Kunalibe nkhondo, kunalibe namondwe. Vuto linali chithanki cha roketi ya ku China yotchedwa Long March 5B, cholemera matani oposa 20, chomwe chinali chitangomaliza ntchito yonyamula chipinda china cha siteshoni yawo ya m'mlengalenga, nde eni ake anangochisiya kuti chigwe chokha, kaya chigwera pati zimenezo n'za Mulungu. Ndege 645 zinachedwa tsiku limenelo, iliyonse pafupifupi theka la ola. Chithankicho chinakagwera m'nyanja ya Pacific, kutalitali ndi Spain.

Ena anaseka kuti a ku Spain anathawa mthunzi. Ine sindikuseka nawo, chifukwa bwana yemwe anasaina kuti ndege ziime sanali wamantha, anangopatsidwa funso lopanda yankho labwino. Atseke, makampani a ndege aluze ndalama, anthu aphonye maulendo, mawa lake atukwanidwe m'manyuzi. Asatseke, chitsulo chigunde ndege yodzaza anthu, dzina lake lisadzaiwalike mpaka kalekale. Mayiko ena oyandikana nawo anasankha kusatseka ndipo zinawayendera, koma kumeneko kunali kutchova juga basi. Chomwe chimandiwawa n'choti yemwe anayambitsa zonsezi, mwini roketi uja, sanafunsidwe funso lililonse, sanalipire ngakhale tambala.

Nkhani yanga yagona pamenepo. Sindikubwera kudzakuopsezani kuti mukamakwera ndege pa Chileka muziyang'ana kumwamba, ayi, mwayi woti ndege yomwe mwakwera igundidwe ndi wochepetsetsa ndipo nambala yake ndiitchula. Ndikunena kuti pali anthu omwe apeza njira yopulumutsira ndalama zawo potayira ena chiopsezo ndi bilu, njira yokonzera vutoli ilipo ndipo akuidziwa bwino lomwe, koma poti palibe lamulo lowakakamiza ambiri sakuitsata.

Kuti timvane tiyambe ndi momwe zimagwera. Roketi ikamakwera imataya zigawo. Chigawo choyamba chimagwa msanga pamalo omwe analengezedwa kale, nthawi zambiri m'nyanja, kapena chimabwerera n'kutera ngati mmene a SpaceX, kampani ya maroketi ya ku America, amachitira. Chovuta ndi chigawo chapamwamba, chomwe chimaperekeza setilaiti mpaka pamalo pake. Ichi chikamaliza ntchito chimatsala komweko n'kumazungulira dziko, masiku, miyezi, zina zaka zambirimbiri, kampweya kochepa komwe kali kumtundako kakuchikoka pang'onopang'ono mpaka tsiku lina chimalowa. Liwiro lake ndi makilomita pafupifupi 28,000 pa ola. Mtunda wa Blantyre mpaka Lilongwe chimaudutsa m'masekondi 40, dziko lonse chimalizungulira m'mphindi 90. Nde taganizani, akatswiri akaphonya nthawi yogwera ndi mphindi imodzi yokha ndiye kuti aphonya malo ndi makilomita pafupifupi 470, akaphonya ndi mphindi 15 aphonya ndi mtunda wotsala pang'ono kufanana ndi kutalika kwa Africa yense. Ndipo amaphonyadi, osati chifukwa chosadziwa ntchito koma mpweya wa kumtunda kuja umafufuma ndi kuphwa malinga ndi ukali wa dzuwa, komanso chitsulocho chimakhala chikugubuduzika, pena chalozetsa mutu pena mbali, nde palibe angawerengetse ndendende. N'chifukwa chake chenjezo lake limangojambula mzere wautali wodutsa mayiko khumi n'kuti penapake pamenepa.

Chikafika pa makilomita pafupifupi 80 kuchokera pansi chimayamba kuphwasuka ndi kutentha. Aluminiyamu imasungunuka, koma mathanki a titanium, zitsulo zosachita dzimbiri ndi zina za injini zimapulumuka, zimamwazikana pamzere wa makilomita mazanamazana, ndipo tizidutswa topepuka timatenga mphindi zambiri tikutsika pang'onopang'ono kudutsa pa makilomita 10 mpaka 12 pomwe ndege zonyamula anthu zimayenda. Apa ambiri amaganiza kuti chitsulo chimagwera ndege kuchokera pamwamba ngati mwala wogwera padenga, koma kwenikweni ndege ndi imene imakachigunda ikuthamanga makilomita 800 kapena 900 pa ola. Pa liwiro limenelo kanthu kakang'ono kolowa mu injini kapena komenya galasi la kutsogolo si kamasewera, ndipo akatswiri amawerengera kuti chidutswa cha magalamu 300 chikhoza kugwetsa ndege yonse. Payiloti sangachione. Rada ya pamphuno pa ndege ndi yoonera mitambo ya mvula, ndipo kachipangizo kopewera kugundana kamangoona ndege zinzake zomwe zikuulutsa uthenga wonena pomwe zili, chitsulo chakufa sichiulutsa kanthu.

Tsono manambala. Kafukufuku wa Ewan Wright, Aaron Boley ndi Michael Byers a pa University of British Columbia ku Canada, yemwe anatuluka mu Januwale 2025, anapeza kuti mu 2023 mwayi woti chidutswa cha roketi chigunde ndege penapake padziko lonse unali 1 pa 430,000 pa chaka. Ndi wochepadi, ndipo mpaka pano palibe ndege yonyamula anthu yomwe inatsimikizika kuti inagwetsedwa ndi zinyalala zimenezi. Mu Okutobala 2025 galasi la ndege ya kampani ya United litang'aluka ili m'mwamba ku America, intaneti yonse inalumphira kuti eee setilaiti yagunda ndege, kenako ofufuza n'kuloza chibaluni choyezera nyengo. Nde phokoso lina ndi phokoso chabe. Koma kafukufuku yemweyo ananenanso kuti m'madera momwe ndege zimachulukana, monga kumpoto kwa Europe ndi kumpoto chakum'mawa kwa America, mwayi woti roketi yosawongoleredwa igwere m'mlengalenga mwawo ndi 26 peresenti chaka chilichonse, kutanthauza kuti za ku Spain zija si zongochitika kamodzi. Mu 2024 maroketi 258 anakwera bwinobwino, zigawo 120 zinagwa mosawongoleredwa, ndipo zoposa 2,300 zikadali kumtunda kudikira tsiku lawo. Ngakhale lero aliyense atasiya kuulutsa maroketi, zimenezo zigwabe.

Wina asaganize kuti ndikulimbana ndi a China okha. Pa 16 Januwale 2025 chombo cha Starship cha SpaceX chinaphulika chikukwera, zidutswa zoyaka zinamwazikira pa zilumba za Turks and Caicos, ndege zina zinazungulirazungulira m'mwamba kudikira zina n'kukatera kwina. Pa 6 Malichi chaka chomwecho zinachitikanso, mpaka mabwalo a Miami, Orlando ndi Fort Lauderdale anaimitsa ndege kwa kanthawi. Mu Febuluwale 2025 mathanki a Falcon 9, roketi ina ya SpaceX, anapezeka pafupi ndi mzinda wa Poznań ku Poland. Mu Malichi 2024 kachitsulo kosakwana kilogalamu imodzi kochokera ku mabatire akale omwe NASA, bungwe la America loona za m'mlengalenga, inataya pa International Space Station, siteshoni ya m'mlengalenga ya mayiko angapo, kanaboola denga la nyumba ya munthu ku Naples, Florida, pomwe iwo ankayembekezera kuti zonse zipsa zisanafike pansi. Onse ali m'gulu limodzi.

Ndikudziwa zomwe ena mukunena pofika apa. Aise, tili pamzere wa mafuta, forex kulibe, thumba la chimanga lakwera, nde iwe ukutiuza za maroketi? Komanso pankhani ya ndege yomweyo tili ndi zathu zapansi pompano, tisaiwale kuti mu Januwale 2019 South African Airways inaimitsa maulendo ake a ku Blantyre chifukwa cha mpanda wa bwalo ndi zida zozimira moto, osati chifukwa cha chinthu chochokera kumwezi. Zoona zimenezo, ndipo atandipatsa ndalama n'kuti sankha, ndingayambe ndi mpanda ndi galimoto yozimira moto mosakayika. Mlengalenga mwathu simudzaza ndege ngati mwa London, nde chiopsezo cha ndege kugundidwa pamwamba pa Ndirande n'chochepa kuposa cha kwa eni akewo.

Koma zomwe ndikupemphazi sizifuna ndalama zathu, ndiye mfundo yoti tili ndi mavuto ena siikugwira. Komanso nkhaniyi inatifika kale pakhomo, kungoti sitinaizindikire. Mu Januwale 2025 kampani ya ndege ya ku Australia ya Qantas inadandaula poyera kuti yakhala ikuchedwetsa ndege zake za pakati pa Sydney ndi Johannesburg, zina mpaka maola 6, chifukwa cha machenjezo oti zigawo za maroketi a SpaceX zigwera kummwera kwa nyanja ya Indian Ocean, nthawi yake n'kumasinthasintha mochedwa. Joni ndi khomo lathu ife a ku Blantyre. Mwana wa kuno yemwe akuchokera ku sukulu ku Australia, kapena nesi wobwera kumaliro a mayi ake, akafika pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joniko mochedwa ndi maola 6 ndege ya ku Chileka yapita, ndipo ndege za kuno si za ola lililonse, agona pabenchi kapena alipira hotela m'marandi, mwambo wa maliro kumudzi uchitika iye kulibe. Pa tikiti yake sipadzalembedwa kuti roketi, padzangolembedwa kuti ndege yachedwa.

Chodabwitsa pa nkhani ya Qantas n'choti zigawo zimenezo zinali zowongoleredwa, eni ake anasankha dala kuzigwetsera m'nyanja. Nde ngakhale njira yabwinoyo ili ndi mtengo wake ngati malo otsekedwa ndi aakulu kwambiri ndipo uthenga ukufika mochedwa. Komabe bola zimenezo, chifukwa woyendetsa ndege amalandira NOTAM, kachikalata kochenjeza kuti malo akutiakuti nthawi yakutiyakuti musadutse, n'kukonza njira ina. Kusiyana ndi chithanki cha matani 20 chomwe ngakhale mwini wake sakudziwa kuti chigwera kontinenti iti.

Za pansi ndiye ziliko kale ku Africa kuno. Mu Epulo 2000 zidutswa za roketi ya ku America ya Delta II zinagwera kufupi ndi Cape Town. Mu Meyi 2020 mapaipi a Long March 5B yoyamba anagwera m'midzi ya ku Côte d'Ivoire. Pa 30 Disembala 2024 chimkombero chachitsulo cha makilogalamu pafupifupi 500, mamita 2.5 m'mimba mwake, chinagwa chikadali chotentha m'mudzi wa Mukuku m'boma la Makueni ku Kenya, a Kenya Space Agency n'kunena kuti n'cha roketi. Kafukufuku wina wa Byers ndi anzake wa mu 2022 anapeza kuti zigawo za maroketi zili ndi mwayi wochuluka katatu wogwera m'mizere yozungulira dziko yodutsa pa Jakarta, Dhaka ndi Lagos kuposa yodutsa pa New York, Beijing ndi Moscow, chifukwa cha njira zomwe maroketi ambiri amasiyidwamo. Oulutsa ali kumpoto, olandira zitsulo ali kufupi ndi pakati pa dziko, ndipo Blantyre ali pa madigiri osakwana 16 kummwera kwa equator, mzere wapakati pa dzikowo. Aliyense wokulira mu mzinda uno akuidziwa nkhani yotereyi, ndi ya mtsinje wa Mudi, otaya zoipa ali kumtunda fungo likumveka kumunsi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sikuti ndikudana ndi masetilaiti, tisanamizane. Chenjezo la namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 linadalira zithunzi za masetilaiti, ndipo Starlink yomwe inayamba kugwira ntchito kuno mu 2023 yafikitsa intaneti m'malo momwe netiweki inali ya kukwera pachulu. Ifenso ndife makasitomala a bizinesi imeneyi, masetilaiti a Starlink okha ndi oposa 7,000 ndipo lililonse limagwira ntchito zaka pafupifupi zisanu kenako limatsitsidwa kuti lipse. Kasitomala ali ndi ufulu wofunsa kuti zinyalala za katundu yemwe akugula zikutayidwa kuti.

Nanga lamulo likuti chani? Pali pangano la mayiko la mu 1972 lomwe limanena momveka kuti dziko loulutsa chombo lilipire chilichonse chomwe chombocho chawononga pansi pano kapena pa ndege yomwe ili m'mwamba, popanda kufunsa kuti linalakwitsa kapena ayi. Papepala n'zokoma. Koma wodandaula ayenera kukhala boma kudandaulira boma linzake, osati iwe mwini nyumba yobooledwa, ndipo chiyambire pangano limeneli nkhani yodziwika yomwe linagwiritsidwapo ntchito ndi imodzi, ya Kosmos 954, setilaiti ya Soviet Union yokhala ndi nyukiliya yomwe inamwazikira kumpoto kwa Canada mu Januwale 1978. Canada inapempha madola ake pafupifupi 6 miliyoni, inalandira 3 miliyoni mu 1981. Imeneyo ndi Canada, yokhala ndi maloya ndi akazembe ake, inadikira zaka zitatu n'kulandira theka. Nanga ife? Ndipo kuwonongeka komwe panganolo limatchula ndi imfa, kuvulala ndi katundu wophwanyika. Ndege 645 zochedwa zija, mafuta owotchedwa pozungulira, munthu wogona pabenchi ku Joni, zimenezo sizinatchulidwemo. Mwachidule lamuloli limadikira maliro kaye.

Pomwe njira ilipo. Chigawo chapamwamba chikhale ndi injini yotha kuyakanso, asiyemo mafuta pang'ono, chikangotula setilaiti achitembenuze n'kuchigwetsera pakati pa nyanja pa nthawi yodziwika. Kummwera kwa Pacific kuli malo otchedwa Point Nemo, akutali ndi mtunda kuposa pena paliponse, komwe akhala akugwetsera zombo zakale, siteshoni ya Russia ya Mir inagwetseredwa m'nyanja yomweyo mu Malichi 2001, ndipo NASA inapatsa SpaceX kontilakiti ya madola mpaka 843 miliyoni mu 2024 kuti ipange chombo chodzatsitsira International Space Station mwadongosolo. Akafuna amatha. Koma mafuta osungira kubwerera ndi kulemera komwe kukanakhala katundu wa kasitomala wolipira, nde kampani yomwe ichite zimenezi yokha ikhala yodula kuposa inzake, n'chifukwa chake ofufuza a ku Canada aja amati maulendo osakwana 35 peresenti ndi omwe amagwetsa zigawo zawo mowongolera. Palibe adzasinthe mwa kufuna kwake. Lamulo liyenera kuwagwira onse nthawi imodzi kuti pasakhale wopezerapo mwayi.

Pakhomo pano pali kanthu kamodzi komwe tingachite mawa lomwe popanda bajeti. Tiyerekeze chithanki chozungulira chagwa m'munda ku Lunzu. Tonse tikudziwa mmene zingayendere, pofika madzulo pa WhatsApp padzaza mauthenga oti ndege ya afiti yatha mafuta, agogo ena osalakwa ayamba kulozedwa zala, ndipo m'mawa kusanache anyamata achikweza pa wilibala ulendo kwa ogula zitsulo zakale, kumeneko achiika pa sikelo, wina atenga tchizulo ndi hamala kuti aone ngati m'kati muli kopa, mwina theka lake likathera ku Ndirande n'kusanduka mbaula. Vuto n'loti mathanki ena amakhala ndi zotsalira za mafuta otchedwa hydrazine, poizoni woopsa yemwe amawotcha khungu ndi mapapo, ena amakhala akadali ndi mpweya wopanikizika. Komanso mwalamulo la mayiko chitsulocho chimakhalabe cha dziko lomwe linachiulutsa, ndipo manambala olembedwa pa icho ndiwo umboni wokhawo woti boma lathu lingakagwiritse ntchito pofuna chipukuta misozi. Chikadulidwa umboni wapita. Nde a DoDMA, apolisi ndi oyang'anira za ndege atangogwirizana kauthenga kamodzi ka m'Chichewa, kopita kwa mafumu ndi pa wailesi, koti chitsulo chachilendo chikagwa kuchokera kumwamba musachigwire, ana atalikire, jambulani muli patali, imbani nambala iyi, zingawatengere chani? Ndi oyang'anira za ndegewo atiuzeko kuti chenjezo la roketi yodutsa pamwamba pa Malawi likabwera usiku wa Loweruka amalandira ndani, ndipo ndani ali ndi mphamvu yonena kuti ndege ya ku Addis Ababa idikire kaye.

Kunjaku ndiye tili ndi mawu kuposa mmene timadzionera. Bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO lili ndi mayiko 193 ndipo pa msonkhano wake waukulu dziko lililonse lili ndi voti imodzi, ya Malawi ndi yofanana ndi ya America, mayiko a mu Africa ndi 54. Mu Epulo 2025 African Space Agency inatsegulidwa ku Egypt, nde pokumanirana kuti tigwirizane chonena palipo. Chonenacho si chautali: roketi iliyonse yatsopano izigwetsedwa mowongolera, chenjezo lizifika msanga ndipo malo otsekedwa akhale ochepa, ndipo dziko likakakamizika kutseka mlengalenga mwake chifukwa cha chitsulo cha wina bilu izipita kwa mwini chitsulo. Mayiko oulutsa maroketi sangayambitse okha nkhani yowadyera ndalama, ayambitse ndi omwe alibe roketi, ndipo makampani a ndege angakhale mbali yathu poti nawonso akuluza. Msonkhano waukulu wa ICAO umachitika ku Montreal zaka zitatu zilizonse, wotsatira ndi wa mu 2028. Mabwana omwe adzapiteko pa misonkho yathu asakangosainira alawansi n'kujambulitsa pafupi ndi mbendera, akaimike dzanja pa nkhani imeneyi, ndipo pobwera pa Chileka atolankhani adzawafunse kuti anakanena chani.